Makaniko wa ku Chinamwali amene anandikaniza Benz yakuda

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti Benz yoyera imene timanyamulira akwati ija ndinaipeza bwanji, nanga anandionera ndani ndisanapereke ndalama. Ndati ndiyankhe kamodzi pano kuti aliyense adziwerengere. Dzina la bambo amene anandionerawo sindilemba chifukwa sindinawapemphe chilolezo, koma galaja yawo ili ku Chinamwali kuno ku Zomba, mukapatuka pang'ono pamsewu wa ku Liwonde, mkati mwa mpanda wa malata. Ndinawalipira kawiri, pa magalimoto awiri osiyana, ndipo ndifotokoza zonse, zokoma ndi zimene sizinandisangalatse.

Ine ndimakhala ku Matawale, ntchito yanga ndi yokongoletsa pa maukwati ndi pa zinkhoswe. Nsalu, mipando, maluwa ndi mbale ndili nazo. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi galimoto ya akwati. Ndinkachita kubwereka kwa anthu a ku Blantyre, ndipo kawiri konse inafika mkwatibwi atakhala kale ola lathunthu ndi velo kumutu, abusa akungoyang'ana wotchi kutchalitchi. Manyazi ake amagwera ine wokongoletsa, mwini galimoto ali phee kwawo. Choncho mu 2024 ndinatsimikiza zogula yanga. Ndipo kwa ine galimoto ya akwati ndi Benz basi. Malemu bambo anga anali dalaivala wa boma, ndipo masiku amene Nyumba ya Malamulo inkakumana kuno ku Zomba ankatiuza ife ana kuti tikaime chapatali tione ma Benz akuda a nduna atandanda. Kanyenyezi ka pa boneti kaja kanandilowa mumtima ndili sitandade 4.

Yoyamba ndinaiona pa Facebook mu Juni. E350 ya 2005, yakuda bii, mipando yachikopa, denga lotseguka, pa dashibodi ikuonetsa makilomita 98,000. Mnyamata wogulitsayo anati inachokera ku Japan kudzera pa Dar es Salaam, ndipo ankafuna K15 miliyoni. Anabwera nayo yekha kuchokera ku Blantyre Lachitatu masana, itatsukidwa mpaka matayala kunyezimira, mkati mukununkhira. Tinazungulira nayo mtauni, kudutsa pamsika, kulowera ku Chirunga n'kubwerera. Mahampu ndinkangowaona ndi maso, thupi silinkawamva. Ndikanakhala ndi ndalama m'chikwama tsiku limenelo ndikanapereka pompo. Anandigwira dzanja ndi achimwene anga, amene ayendetsa mathiraki zaka zambiri. Anati, "Achemwali, ine ndimadziwa dizilo, izi za mawaya sindizidziwa. Tiyeni ku Chinamwali."

Tinawapeza bambowo ali m'dzenje, pansi pa BMW ya munthu wina, ndipo sanatuluke msanga. Ndi munthu wachikulire, ndevu zayamba imvi, kofia kumutu. Atatuluka anapukuta manja, n'kuiyang'ana galimoto ija chapatali osaigwira, kenako anatchula malamulo awo. K60,000 ndipereke lero, kaya ndigula kaya sindigula. Galimoto igone pagalaja pawo, makiyi asunge iwo. Tikumane 6 koloko m'mawa, ndipo pasapezeke munthu woiliza iwo asanafike. Wogulitsa uja anavuta kwambiri pa zogonazo. Anati ali ndi kasitomala wina ku Limbe, anati mafuta, anati akagona kuti. Bambowo anangoti, "Mwana wanga, galimoto yotentha imanama, yozizira ndiye imanena zoona. Ngati ukuikhulupirira, isiye igone." Chipinda cha mnyamatayo pa resitihausi ndinalipira ine, ndipo pa ndalama zonse zimene zinatuluka pa nkhani imeneyi, imeneyo ndi imene inandigwirira ntchito kwambiri.

M'mawa wa Juni ku Zomba mukuudziwa, nkhungu itatsika kuphiri, zala zitauma. Titalowa mumpanda ndinaona ndekha munthu asanalankhule: galimoto imene dzulo inaima monyadira inali itagwada. Kutsogolo mbali ya kumanja kunali kutatsika mpaka tayala kubisala m'madigadi, moti chikhatho sichikanalowa pakati. Mnyamata uja anayang'ana kumbali.

Bambowo anandifotokozera modekha. Galimoto imeneyi ilibe masipuling'i achitsulo. Imakhala pa matumba a labala odzaza mpweya, eni ake amati Airmatic, ndipo kuseri kwa bampala yakutsogolo kuli kapampu kamene kamawapopa. Labala ikakalamba imachita ming'alu, mpweya n'kumathawa pang'onopang'ono. Masana simungadziwe, chifukwa injini ikamalira pampu ija imangobwezeretsa. Galimoto itadzuka, mnyamata wawo wa sipanala anabwera ndi botolo la madzi a sopo n'kuwaza pa thumba lija, ndipo thovu linafufuma pa malo awiri. Anandiuza kuti nditchere khutu ndimve pampu ikulira. Inalira, n'kulirabe, osafuna kusiya. Anati pampu yopopa thumba loboola usana wonse imapsa, ndiye kuti nayonso ili panjira, ndipo matumbawo sasintha limodzi, amasintha awiriawiri.

Koma ndadumpha. Asanailize panali zina. Anayamba aika chikhatho pa injini kuti atsimikize kuti yagonadi. Anatsekula potsira oyilo n'kutembenuza chivindikiro, akuti akufuna zoyera zangati chambiko, zimene zimaonetsa kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo. Panalibe. Anayang'ana madzi a ladiyeta, anali oyera bwino, opanda mafuta pamwamba. Anapotokola kiyi osaliza injini n'kundiuza kuti ndiwerenge timagetsi ta pa dashibodi, chifukwa tonse timayenera kuyaka kaye kenako n'kuzima injini ikalira. Kamene sikanayake n'komwe, ndiye kuti wina anakatseka dala. Kenako anauza mnyamata wawo kuti alize, iwo ataweramira mu boneti, maso atatsinzina.

Kompyuta yawo ndi kalaputopu kakale kong'aluka pakona, koma muli pulogalamu ya Mercedes imene amati Star. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi anyamata ambiri amene amayenda ndi kamakina ka m'manja. Kameneko kamawerenga za injini zokha. Iyi imalowa paliponse, ndipo E-Class ya mtundu umenewu, umene amisiri amautchula W211, ili ndi timakompyuta tambirimbiri: ka giyabokosi, ka mabuleki, ka matumba aja, ka zitseko, ka mipando. Poyamba injini inaonetsa kuti ilibe vuto lililonse, ndipo wogulitsa uja anayambiranso kumwetulira. Bambowo anandilozera mzere wina wosonyeza kuti galimotoyo sinamalize kudziyeza yokha. Anati munthu akafufuta mavuto mu kompyuta, galimoto imafuna iyende kaye mtunda ndithu kuti imalizenso kudziyeza, ndiye izi zikutanthauza kuti wina wafufuta dzulo kapena dzana. Anaizimitsa, n'kuiliza, n'kuizimitsanso, kenako anazungulira nayo pang'ono. Pobwerera panali manambala awiri, 1200 ndi 1208.

Manambala amenewa anawadziwa asanawerenge tanthauzo lake. Injini ya V6 imeneyi, M272, ili ndi shafiti mkati yothandiza kuti isamanjenjemere, ndipo pa ma injini oyambirira giya ya shafitiyo, imene tcheni chimayendapo, inapangidwa ndi chitsulo chofewa moti mano ake amatha. Pakhoma la galaja, pafupi ndi kalendala, analemba ndi penti nambala 468993. Injini imene nambala yake ili pansi pa imeneyo ili m'gulu lokayikitsa. Mnyamata anawalitsa tochi, tinawerenga ya galimoto yathuyo, inali pansi. Giyayo payokha si yodula kwenikweni, koma kuti munthu aifikire, injini yonse itsike pansi.

Mpaka pamenepa ndinali ndikuwerengetsabe mumtima kuti mwina atandichotsera mamiliyoni awiri ndikhoza kulimba nayo. Chimene chinandiziziritsa nkhongono ndi mabuleki. Ma W211 oyambira 2002 kufika pakati pa 2006 ali ndi mabuleki otchedwa SBC. Mukaponda, phazi lanu silikankha mafuta a buleki mwachindunji ngati pa Corolla. Limangouza kompyuta, ndipo pampu yamagetsi ndi imene imagwira mawilo. Pampu imeneyi imawerenga kuti yapondedwa kangati chiipangire, ikafika pa malire ake imalemba C249F n'kuyamba kuchenjeza. Yathuyo inali italemba. Ikafa muli paulendo mumatsala ndi mabuleki akutsogolo okha, olimba gwa, ofuna mwendo wonse kuti galimoto iime. N'chifukwa chake magalimoto amenewa ali ndi mabatire awiri, lalikulu ku buti ndi kakang'ono mu boneti koti kathandize lalikulu likafooka. Kakang'onoko atakayeza kanali kakufa. Mercedes eni ake anazisiya zimenezi mu 2006 atakonzanso W211, n'kubwerera ku mabuleki wamba. Wogulitsa uja anati ku Blantyre alipo munthu amene amafufuta nambalayo kuti pampu iyambirenso kuwerenga. Bambowo anati akudziwa kuti zimatheka, koma iwo sachita, chifukwa chimene chatha ndi mota ya mkati mwa pampu, osati nambala.

Ndinawapempha kuti tikwere nayo ku Ku Chawe, poti akwati ambiri amafuna zithunzi kumeneko ndi pa damu la Mulunguzi. Anakana. "Kukwera ikwera bwino, mayi. Ine ndikuopa kutsika." Amene anatsikapo msewu umenewo, ndi makona ake aja, phompho lili pambali, akumvetsa zimene ankanena. Ine ndinaona m'maganizo mkwatibwi, mkwati ndi kamwana konyamula maluwa ali kumbuyo. Ndinangoti zii.

M'malo mwake tinayenda pa M3 kulowera ku Domasi, n'kukatembenukira pa Songani. Giyabokosi yake ndi ya magiya 7, ndipo itatentha inkagunda pang'ono tikamaima. Apa sanafune kulosera. Anati mwina ndi oyilo wokalamba, mwina ndi kabolodi kamagetsi ka mkati mwa giyabokosi kamene kamavuta pa mtundu umenewu, ndipo sanganene popanda kutsekula. Ndinakonda kuti pamene sanatsimikize ananena kuti sanatsimikize.

Za makilomita anazipeza popanda kompyuta. Pa chimango cha chitseko cha dalaivala panali kapepala kosuluka ka Chijapani, ka nthawi imene anasintha oyilo, kolembedwa ndi bolopeni: H28, ndipo pambali pake 143,200 km. Anandiuza kuti a ku Japan amawerenganso zaka potengera ufumu wa mfumu yawo, ndipo H28 ndi 2016. Ndiye kuti galimoto imene mu 2016 inali itayenda 143,200, mu 2024 inkaonetsa 98,000. Anandionetsanso labala ya popondera buleki, yoperepeseka mpaka chitsulo kuonekera pakona, ndi mpando wa dalaivala wophwa mbali yotulukira.

Ndisawanamizire kuti anangoinyoza. Pamene inali bwino ananena. Anayendetsa maginito yokulunga m'kansalu pa zitseko zonse ndi m'mbali mwa kumbuyo kufuna pamene anamata phala la opanga bodi, osapeza. Anandichenjeza kuti boneti, mapiko akutsogolo ndi chitseko cha buti pa W211 ndi za aluminiyamu, maginito siigwira, ndiye ndisadzanamizire wogulitsa wina kuti galimoto inachita ngozi. Chifukwa cha namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene anamiza zinthu zambiri ku Blantyre, galimoto iliyonse yochokera kumeneko amaiyang'ana za madzi: anakoka malamba onse mpaka pothera kufuna mzere wa matope, anawalitsa tochi pa njanji za mipando kufuna dzimbiri, anatukula kapeti ya ku buti kumene kumakhala batire n'kununkhiza. Anati iyi sinamire. Nambala ya chasisi, yoyamba ndi WDB211, anaiwerenga pansi pa kapeti pafupi ndi mpando wa kumanja, n'kuifananiza ndi ya pa bulubuku. Zinagwirizana. Koma dzina la pa bulubuku silinali la mnyamata uja. Atafunsidwa anavomera kuti ndi dobadoba chabe, mwini wake ali ku South Africa. Sindikuganiza kuti zonse zija ankazidziwa. Koma ku Road Traffic posintha umwini ndikanafuna mwini wake weniweni, ndipo sindikudziwa kuti ndikanamudikira miyezi ingati.

Inali itakwana 10 koloko. Ndinawafunsa kuti zonsezi kukonza kwake n'kungati. Anawerenga ndi zala: matumba awiri ndi pampu yake, pampu ya mabuleki, kutsitsa injini, oyilo wa giyabokosi ndi zimene zingapezeke mkatimo. Zonsezo n'zoitanitsa ku Johannesburg kapena ku Dubai, ndi madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya masipeya siikhala pamodzi sabata ziwiri. Anati ndisadabwe zikafika theka la mtengo wa galimoto. Ndinakanganabe nawo. Ndinati kodi sitingayambe ndi mabuleki okha, zina n'kumakonza pang'onopang'ono? Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mayi, mukaigula muzibwera nayo kwa ine mwezi ndi mwezi, wodya ndikhala ine. Koma Loweruka lina idzagwada pakhomo pa tchalitchi anthu akuimba, ndipo dzina limene adzatchule ndi lanu."

Ndinapita kunyumba mtima ukuwawa. K60,000 yapita, ya resitihausi yapita, galimoto imene ndinali nditaiona kale m'maganizo itavala maliboni oyera yabwerera ku Blantyre. Masiku awiri sindinafune kumva za Benz.

Yachiwiri inabwera mu Ogasiti kudzera mwa mayi wina wa kumvano. Bambo ena opuma pantchito a ku Kalimbuka ankagulitsa E200 Kompressor ya 2008, yoyera, makilomita 176,000, pa K13.5 miliyoni. Pamaso sinafike pa yakuda ija. Mawilo ang'ono, denga losatseguka, penti yokalika pa bampala. Koma bambowo anatulutsa envelopu yakhaki yodzaza malisiti a zaka zisanu ndi chimodzi, lililonse lili ndi deti ndi makilomita, manambala akukwera mwadongosolo. Nditawauza zoti galimoto ikagone ku Chinamwali anangoti, "Palibe vuto, mwanangu, makiyi ndi awa."

M'mawa tinaipeza itaima mmene anaisiyira, poti iyi ili pa masipuling'i achitsulo, ndiponso ya 2008 ilibe mabuleki a SBC aja. Ataliza, inamveka tcherrr ngati munthu akukoka unyolo pa simenti, masekondi awiri kapena atatu, kenako n'kukhala bata. Ndikanabwera masana sindikanamva. Anati ndi tcheni cha injini, matenda odziwika a injini ya 1.8 imeneyi, M271. Tchenicho ndi cha mzere umodzi, chimatamuka, n'kuyamba kudya mano a magiya a pamwamba, ndipo chikadumpha mano mavavu amagundana ndi mapisitoni injini n'kuwonongeka. Koma kusintha kwake sikufuna kutsitsa injini, ndipo sipeya yake imapezeka. Anazula mapulagi awiri amagetsi kutsogolo kwa injini n'kundionetsa kuti limodzi lanyowa ndi oyilo. Oyilo ameneyo, akuti, amayenda mkati mwa waya ngati palafini pa chingwe cha koloboyi mpaka kukafika mu kompyuta ya injini. Anakatsekula pulagi ya kompyutayo, inali youma. Atalowa m'dzenje anapezanso pulagi yozungulira ya pa giyabokosi, ya mapini 13, ikuchucha. Giyabokosi ya iyi ndi ya magiya 5, ndipo ilibe choyezera oyilo chake, amisiri amakhala ndi chawo chachitali. Atachizula, oyilo amene amayenera kukhala wofiira anali wa bulauni, koma wosanunkha kupserera. Mabolojointi akutsogolo ankagwedera atawapana ndi chitsulo. Matayala ankaoneka a mano ndithu, koma anandiphunzitsa kuwerenga manambala anayi a m'mbali mwa tayala, awiri oyamba sabata, awiri omaliza chaka. Akumbuyo analembedwa 2316, kutanthauza pakati pa 2016, ndipo m'mizere munali ming'alu.

Iyi ndiye anavomera kukwera nayo kuphiri, ndipo kwa ine ulendo umenewo ndi umene unali mtima wa ntchito yonse. Anazimitsa wailesi, anatsitsa magalasi, n'kutiuza ine ndi mwini galimoto kuti tisalankhule. Pa chitunda ankaponda mafuta mwadzidzidzi kuti amve ngati giya ikuterereka, diso lili pa geji ya kutentha. Ndinaiyang'ananso ine, inafika cha pa 90 n'kukhazikika pomwepo. Pa makona ankatchera khutu kutsogolo, ndipo kugogoda kwa mabolojointi aja kunkamveka. Titafika pamwamba sanazimitse. Anaisiya ikulira, anyamata ogulitsa masitiroberi atatizungulira, iwo atagwada akuyang'ana pansi ngati pakudontha kanthu, kudikira kuti fani iyambe yokha. Inayamba. Anatsekula boneti, anaika giya phazi lili pa buleki, n'kundionetsa mmene injini ikudumphira, akuti zokhalira zake zaphwa. Potsika anagwiritsa magiya otsika, koma pa malo awiri owongoka anaponda buleki mwamphamvu kuti aone ngati chiwongolero chikunjenjemera kapena galimoto ikukokera mbali. Inaima mowongoka. Titafika m'munsi anayendera mawilo onse anayi akuyandikiza dzanja, kufuna limene latentha kuposa anzake.

Mawu awo anali akuti iyi ndi galimoto yokalamba mwachilungamo, ndigule koma tcheni chisadikire. Anatchula mitengo ya zonse pamaso pa mwini wake, ndipo bambo a ku Kalimbuka aja sanakane kanthu, anangoti phokoso la m'mawalo ankalimva koma ankaliyesa la kuzizira. Tinagwirizana K12 miliyoni. Ku Road Traffic tinapitira limodzi, mapepala a MRA anali m'envelopu momwe muja.

Tsopano zimene sizinandisangalatse, chifukwa zilipo. Salemba kanthu. Munthu wapereka K60,000 koma ubwerera wopanda ngakhale kapepala konena zimene apeza. Ulendo woyamba ndinkangolemba pa foni zala zikunjenjemera, wachiwiri ndinatenga kope. Akanamalemba, munthu ukanakhala ndi chogwira pokambirana mtengo, ngakhale posonyeza achibale amene akukuthandiza ndalama. Foni sayankha, ukhoza kuimba kasanu. Pagalajapo palibe pokhala, ndinakhala pa chigubu maola anayi, ndipo za chimbudzi munthu wamayi akonzekeretu kunyumba. Anyamata awo amawakalipira pamaso pa makasitomala, zimene ine monga kholo zinkandipweteka, makamaka kamnyamata kamene kanagwetsa tochi m'dzenje. Masipeya amafuna uitanitse kudzera mwa munthu wawo. Ndinafunsa mitengo ku Blantyre ndipo ndinapeza mabolojointi otsikirapo. Iwo anati amenewo samanga, ndikagula ndikamangitse kwina. Mwina akunena zoona pa za kulimba kwake, koma kayankhulidwe kake kanali kouma.

Ndipo pali chimodzi chimene anaphonya. Mvula yoyamba ya mu Novembala itagwa, ndinapeza kapeti ya kutsogolo mbali ya pasenjala itanyowa chonyowa. Timipata totulutsa madzi pansi pa galasi lakutsogolo tinali titatsekeka ndi masamba, poti kwa bambo aja inkagona pansi pa mtengo, ndiye madzi anasefukira mkati. Pa galimoto yodzaza mawaya ngati imeneyi madzi si nkhani yaing'ono. Poyang'ana paja anafufuza ngati inamirapo, koma sanaithire madzi kuti aone ngati ikulowetsa. Nditabwerera nayo sanazembe. Anati, "Apa ndinalakwa ine, mayi," anatsekula timipatato, anatukula kapeti n'kuumitsa masiku awiri osandilipiritsa. Mukapita inu, pemphani kuti aithire ndowa ziwiri pa galasi ndi padenga muli mkati.

Funso limene anandifunsa tsiku loyamba, limene panthawiyo ndinaliona ngati lopanda pake, linali lakuti maukwati anga amachitikira kuti. Ambiri ndi a mtauni momwe muno, koma ena ndi a kumudzi, cha ku Jali, ku Chingale, ngakhale kufupi ndi Kachulu. Anati galimoto imeneyi ndi yofupika, pansi pake pali poto wa oyilo, ndipo msewu wafumbi wokumbika ndi mvula si wake. Panopa ukwati ukakhala wotero ndimawauziratu eni ake kuti Benz ikathera pamene pathera tara, kwinako akwati akwere ina. Ena amakhumudwa, koma ndimalimba nazo. Za mafuta, ine ndimapeza makilomita pafupifupi 10 pa lita ndikamayenda mtauni, ndipo masiku amene pa filing'i siteshoni pamakhala mizere ndimayamba kusaka petulo Lachiwiri kuti Loweruka lindipeze ndili ndi thanki yodzaza. Amene akufuna galimoto yopitira kuntchito tsiku ndi tsiku, ndalama yokonzetsera alibe padera, bambo amenewa adzamuuza mosabisa kuti akagule Toyota. Ndinawamva akumuuza choncho mphunzitsi wina wachinyamata amene anabwera ndi zithunzi za Range Rover pa foni.

Tcheni, magiya ake, mabolojointi, zokhalira injini, pulagi ya giyabokosi ndi oyilo wake, kuphatikiza matayala awiri, zinandidyera pafupifupi K2.3 miliyoni, kuposa imene tinachotsa pa mtengo ija, ndipo galimoto inakhala pagalaja sabata zitatu kudikira katundu. Inatuluka kumapeto kwa Sepitembala, ndipo ukwati wake woyamba unali wa pa Zomba CCAP, zithunzi pa damu la Mulunguzi. Kuyambira pamenepo yanyamula akwati 19. M'mawa ikamalira sikumvekanso unyolo uja. Eyakoni ndi imene ikufookabe kukatentha mu Okutobala, ndipo tagwirizana kuti tiione nyengo ya maukwati isanayambe.

Kodi ndingawatumizire munthu? Ndatumiza kale atatu, mmodzi anagula, awiri anabweza. Mukamapita, musaimbe foni, pitani nokha masana mukapangane tsiku. Muuziretu wogulitsa zoti galimoto ikagona komweko, ndipo akakana musavutike n'kupita. Tengani kope, bolopeni, juzi ndi chitenje choyala pa chigubu, ndipo bulubuku ibwere limodzi ndi galimoto. Mtengo wawo mwina wakwera kuchokera pa K60,000 ndinalipira ine. Lachisanu kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 2 simuwapeza, amakhala ali ku mzikiti.